Kwaya Imene Inkaimba Nyimbo Ziwiri Nthawi Imodzi

Kwaya yathu kuno ku Area 36 ili ndi anthu osapitirira 40, koma panali nthawi imene inali ndi nyimbo zambiri kuposa zimene aphunzitsi athu anapeka. Nyimbo imodzi inkabereka ana ndi zidzukulu zomwe. Aphunzitsi akapeka nyimbo Lolemba, pofika Lachitatu asintha mzere wachiwiri, Lachisanu akweza tenala pang'ono, ndipo kusintha kulikonse ankakujambula pafoni n'kutumiza. Mu gulu lathu la pa WhatsApp mafayilo ankangoti mbwee: "alto yatsopano", "alto yatsopano 2", "alto yeniyeni", "alto yeniyeni osati ija". Ine monga mlembi wa kwaya, aliyense ankandifunsa kuti yoona ndi iti. Nanga ndikanadziwa bwanji, poti ine ndimaimba besi?

Tikanakhala kuti tonse timagona pafupi ndi tchalitchi, bwenzi zonsezi kulibe. Koma lendi ya mu Lilongwe imayendetsa anthu. Amene tinayamba nawo ku Phwetekere lero ena ali ku Biwi, ena ku Kawale, ena ku Area 23, amayi awiri a sopulano ali ku Chinsapo, ndipo mnyamata wa kiyibodi amachokera ku Area 25, minibasi ziwiri pobwera, ziwiri pobwerera. Kukumana tonse ndi Loweruka masana basi. Masiku enawo aliyense amaphunzira payekha, foni kukhutu, uku akuchapa kapena akudikira kasitomala paokala. Ndiye fayilo ya mawu ndiyo inkaphunzitsa kwaya mkati mwa sabata, ndipo nthawi zambiri inkaphunzitsa zabodza.

Ena bandulo ikawathera ankapita ndi memore kwa anyamata owotcha nyimbo pamsika, kumene fayilo yathu inkalowa mu kompyuta ndi dzina lina n'kutulukamo ndi lina. Ena ankapatsana pa Xender kapena pa Bluetooth pakhonde la tchalitchi, wopatsayo osadziwa kuti yake ndi ya sabata yatha. Fulashi ya kwaya, imene inkakhala m'kachikwama ka Baibulo, inatenga vairasi ija yosandutsa mafoda onse tizithunzi tosatseguka. Foni ikadzadza, munthu ankafufuta zakale, ndipo akazifunanso ankapeza kuti wotumiza uja nayenso anafufuta kalekale. Kenako tinati tachenjera: mmodzi wa anyamata a tenala anatitsegulira malo osungira mafayilo pa intaneti m'dzina lake. Zinayenda bwino mpaka pamene anapita ku Joni, n'kusintha nambala, n'kuiwala pasiwedi. Linki ija ikadali mu gulu mpaka lero, ndipo ukaidina imakuuza mwaulemu kuti ulibe chilolezo.

Chimake chinali pa chikondwerero cha makwaya ku Kawale. Tinavala yunifomu yosita, tinakwera kutsogolo, ndime yoyamba inatsetsereka bwinobwino. Titafika pa kolasi, sopulano, tenala ndi besi tinalowera kumene aphunzitsi analoza Lachisanu. Alto, amayi olimba mtima aja, analowera njira ya Lachitatu, ndipo analowera ndi mphamvu zonse, poti anali ataiphunzira mokhulupirika. Aphunzitsi anatambasula dzanja kuti awabweze, iwo n'kuyesa akuti akweze. Anakwezadi. Agogo ena kumbuyo analiza nthungululu, kuyesa ndi kaimbidwe katsopano ka ku 36. Oweruza anawerama n'kulemba zawo.

Mu minibasi pobwerera munali zii, kupatula mwana wa mlongo wanga amene anabwera kudzatijambula vidiyo. Ameneyo ankaseka chogwira nthiti.

"Iwe, akuluakulu achita manyazi, iwe mano panja?"

"Pepani amalume. Koma amayiwa musawakalipire, aimba bwino zimene analandira. Chakupwetekani ndi mayina a mafayilo."

Mnyamatayu amakhala kwathu, amaphunzira za makompyuta pa koleji ina m'tauni muno. Usiku womwewo titatha kudya nsima anatsegula laputopu n'kundikhazika pansi. Dzina la fayilo, anatero, limaperekedwa ndi munthu, ndipo munthu atha kulemba "yeniyeni" pa chilichonse. Linki nayonso sinena zimene zili m'fayilo. Imangonena malo amene fayiloyo ikusungidwa, ndiye mwini malo akachoka kapena akasintha za m'katimo, linki siikuchenjeza. Koma pali njira ina yotchedwa IPFS, mmene dzina limachokera m'fayilo momwemo. Kompyuta imatenga zonse za m'fayilo n'kuziwerengera ndi masamu otchedwa SHA-256, ndipo chotulukapo ndi mzere wautali wa zilembo ndi manambala wotchedwa CID. Akale amayamba ndi Qm ndipo amakhala ndi zilembo 46, atsopano ambiri amayamba ndi bafy ndipo amakhala ndi zilembo 59. Fayilo yomweyo ukaiika mwa njira yomweyo, kaya uli ku Mgona kaya ku Johannesburg, CID imatuluka yofanana. Ukasinthamo ngakhale kachifuwa kamodzi ka aphunzitsi, CID imasinthiratu.

Ndiye ukafuna fayilo, sufunsa kuti ili kwa yani. Umangotchula CID, ndipo kompyuta iliyonse imene ili nayo pa netiweki imeneyi itha kukupatsa. Zinandikumbutsa kumudzi kwathu machesi asanachuluke: moto ukazima m'nyumba, mwana ankatumidwa ndi phale kukapala kulikonse kumene kukufuka utsi, ndipo palibe ankafunsa kuti moto wa kwa a Phiri ndi wa kwa a Banda wabwino ndi uti.

Izi si za dzulo. Juan Benet analemba pepala lofotokoza IPFS mu 2014, ndipo kampani yake ya Protocol Labs inatulutsa pulogalamu yoyamba mu 2015. Boma la Turkey litatseka Wikipedia mu Epulo 2017, anthu anaika kope la Wikipedia ya chilankhulo cha kumeneko pa IPFS, poti n'kosavuta kutseka adiresi imodzi koma n'kovuta kutseka aliyense amene ali ndi kope. Ife boma silinatitsekere kanthu. Mdani wathu anali "alto yeniyeni osati ija". Komabe mankhwala ake ndi omwewo.

Ine ndinamva, koma sindinakhutire. Amayi a ku Chinsapo aja ali ndi kafoni ka itel kong'aluka galasi, ndipo sangaikemo pulogalamu ina iliyonse poti malo anatha ndi zithunzi za zidzukulu. Ziwakhudza bwanji zimenezi?

Apa ndi pamene mnyamata anamwetulira, poti funsolo ankaliyembekezera. Kale, anatero, foni yopanda pulogalamu ya IPFS inkadalira seva ya munthu wina yotchedwa gateway, monga ipfs.io, kuti ikaitengere fayilo. Foni inkangolandira chimene yapatsidwa osafufuza, ndiye unali wabwereranso ku zodalira nyumba imodzi. Ndipo nyumba zimenezi zimatsekadi: kampani ya Cloudflare inasiya kuyendetsa gateway yake yaulere mu 2024. Chaka chomwecho gulu la Interplanetary Shipyard linatulutsa kachida kotchedwa verified-fetch, komangidwa pa Helia, pulogalamu ya IPFS ya m'chilankhulo cha JavaScript imene inalowa m'malo mwa js-ipfs mu 2023. Kachidaka kamagwira ntchito mu browser yomweyo imene aliyense ali nayo kale m'foni.

Ananditembenuzira laputopu kuti ndione. Miyezi ingapo m'mbuyomo anali atatipangira katsamba ka kwaya ngati ntchito ya kusukulu, kokhala ndi mabatani anayi a mawu anayi aja, koma kanafa limodzi ndi linki ya ku Joni. M'kati mwa katsambako munali mzere umodzi wofunika: liwu loti fetch, kenako adiresi yoyamba ndi https. Aliyense wolemba masamba a pa intaneti amalidziwa lamulo limeneli, lakhala mu ma browser kuyambira 2015, ndipo ntchito yake ndi kupita pa adiresi n'kubwera ndi chimene chili pamenepo. Mnyamata anafufuta fetch n'kulemba verifiedFetch. Anafufuta adiresi ija n'kulemba ipfs:// kenako CID ya foda ya nyimbo zathu, kenako /alto.mp3. Pamwamba anawonjezera mzere umodzi woitanira kachidako. Mizere ina yonse, yolandira yankho n'kulipereka ku kabatani koimbira, sanaikhudze, chifukwa yankho limabwera mu kaonekedwe komwe kaja ka fetch.

"Basi?"

"Basi, amalume. Dinani."

Ndinadina. Panadutsa kanthawi, kagudumu kakuzungulira, ine n'kuyamba kukonza pakamwa kuti ndimuseke. Kenako mawu a aphunzitsi anatuluka, alto ya Lachisanu, ndi tambala wa kwa aneba awo akulira chapansipansi pa ndime yachiwiri. Akazi anga anatulukira kuchokera kukhitchini ndi chipande m'manja kudzafunsa ngati aphunzitsi abwera usiku uno.

Chimene chinandikoma kwambiri ndi zimene zimachitika m'kanthawi kagudumu kakuzungulirako. IPFS imadula fayilo m'tizidutswa, kawirikawiri ta makilobaiti 256, ndiye nyimbo ya mamegabaiti atatu imakhala tizidutswa pafupifupi 12, kalikonse ndi CID yakeyake. Foni imafunsa kuti ndani ali ndi zimenezi, n'kumatenga kwa aliyense wayankha, kaya ndi kompyuta ya munthu kaya ndi gateway. Kachidutswa kalikonse kakafika, foni yomweyo imawerengeranso masamu aja. Zikagwirizana ndi CID imakalandira, zikapanda kugwirizana imakataya n'kukafuna kwina. Ndiye kuti ngakhale wokupatsayo akhale wakuba, wosokoneza kapena wongosochera ngati ife, sangakupatse alto ya Lachitatu iwe utapempha ya Lachisanu. Kwa mlembi amene wakhala akuweruza milandu ya mafayilo popanda umboni, iyi inali nkhani yovinira.

Panatsala funso loti nyimbozo zizikhala kuti, poti IPFS sisunga kanthu mumlengalenga. Fayilo imapezeka pokhapokha pali kompyuta yoyaka imene ili nayo ndipo yalamulidwa kuti isaitaye, chimene eni ake amachitcha pin. Laputopu yanga yakale, ya batire yakufa, mnyamata anaiikamo pulogalamu ya IPFS yotchedwa Kubo n'kuikhazika pamwamba pa kabati. Koma laputopu imodzi ya ku 36 siyodalirika. Tonse tikukumbukira mmene tinakhalira mu mdima namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka chotsatira. Komanso kompyuta yolumikizidwa ndi bandulo ya foni imavuta kuifikira kuchokera kunja. Ndiye tinamusaka mnyamata wa tenala uja ku Joni, tinamupeza kudzera kwa mlamu wake, ndipo atamva nkhani ya ku Kawale anaseka mpaka foni kuduka. Iye ali ndi intaneti ya m'nyumba yosawerengera, ndiye anavomera kusunga kope, mwina pofuna kulipira mlandu wa pasiwedi. Mphunzitsi wina wa sekondale ku Biwi, amene amaimba besi limodzi nane, anasunga lachitatu. Lachinayi lili ku imodzi mwa makampani amene ntchito yawo ndi kusungira anthu mafayilo a IPFS, monga Pinata ndi Filebase, ndipo nyimbo zathu n'zochepa moti zikukwana m'gawo losalipira. Wina akazima, ena atatu alipo. Wina akaiwala pasiwedi, dzina la nyimbo silifa naye.

Tsopano bwerani Loweruka mudzaone. Pa bolodi ya Sande sukulu ndimalemba ndi choko zilembo zinayi zomaliza za CID ya sabata imeneyo. Katsamba kathu kamaonetsa zilembo zomwezo pamwamba, zikuluzikulu. Tisanapemphere, amayi apampando amaimirira n'kufunsa, "Alto, mwanu mukuti chiyani?" Amayi amayang'ana m'mafoni n'kuyankha pamodzi, "x, 7, q, e!" Wina akatchula zosiyana, kuseka kumabuka, ndipo amadziwa yekha kuti sabata yonse amaimba za makedzana. Zimatha m'mphindi imodzi. Kale mkangano womwewu unkadya theka la nthawi yophunzira, ndipo unkathera pa "ine ndinatenga kwa asisi awa", asisiwo n'kuloza ena.

Aphunzitsi ndi amene asintha kuposa tonse. Poyamba anakwiya atamva kuti akangokhudza notsi imodzi, CID yonse isintha ndipo ine ndiyenera kufufuta pa bolodi anthu akuona. "Abambo mlembi, ndiye kuti makinawa akundiletsa kupeka?" Sakuwaletsa ayi, koma tsopano kusintha kulikonse kumaonekera poyera, ndipo munthu wamkulu safuna kuoneka wosakhazikika. Masiku ano amayamba aigonera nyimbo, n'kuiyesa ndi akunyumba kwawo, kenako n'kujambula kamodzi. Mnyamata anawonjezeranso chinthu chotchedwa IPNS, dzina limodzi losasintha limene limaloza ku CID yatsopano nthawi zonse, ndiye linki ya mu gulu ndi imodzi yomweyo chaka chonse. Zakale sizitayika. CID iliyonse ndimailemba m'kope la kwaya pambali pa tsiku lake, pakati pa ndalama za yunifomu ndi mayina a ojomba, ndipo alto ya Lachitatu ija tikadali nayo. Pa phwando la kumapeto kwa chaka tinaiimba dala, magulu onse anayi, ndipo kunena zoona si yoipa.

Titaona kuti zikutheka, tinalengeza kuti aliyense abweretse mamemore akale. Anabwera atamangidwa m'mipango, ena m'tibotolo ta mankhwala, ena atamatidwa ndi selotepi kuseri kwa foni. Mnyamata anakhala masana onse akutsegula imodziimodzi, ndipo munatuluka nyimbo zimene aphunzitsi omwe anali ataiwala kuti anapeka, kuphatikizapo ina ya ukwati imene takhala tikuifunafuna. Mafayilo ofanana anadziulula okha, poti CID yawo inali imodzi ngakhale mayina anali khumi. Pa "yeniyeni" zonse zija, zambiri zinapezeka kuti ndi fayilo imodzi yongosinthidwa dzina.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndiye nazi nyerere zake. Bandulo siinatsike mtengo chifukwa cha ife. Kutsitsa nyimbo koyamba kumadya mamegabaiti ake onse, ndipo katsambako pakokha n'kolemerako kuposa kale chifukwa kamanyamula kachida kaja. Mnyamata anakonza kuti nyimbo ikatsika ikhale m'foni, kuti kuimvetsera kachiwiri kusadye kanthu, koma pa mafoni akale kwambiri kagudumu kamazungulira mpaka munthu kuyamba kuyasamula. Amayi ena awiri amalandirabe pa Bluetooth, kungoti tsopano amatenga kwa munthu amene zilembo zake zagwirizana ndi za pa bolodi. Katsambako nakonso kakukhala pa seva wamba, ndiye sitinathawe nyumba za eni kotheratu.

Nyerere yaikulu ndi yakuti IPFS sibisa. Aliyense wodziwa CID atha kutenga fayilo, ndipo wina akasunga kope, iwe ulibe mphamvu yolifufuta. Msungichuma wathu atasangalala anafuna kuti tiikemonso ndondomeko ya zopereka ndi mayina a amene ali ndi ngongole ya yunifomu. Mnyamata anakana mwaulemu koma kwamtuwagalu, ndipo ndinamuikira kumbuyo. Manambala a foni, za ndalama, mayina a odwala amene timawayendera, zonsezo zimakhala m'kope la pepala. Nyimbo za eni sitiikamonso. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zopekapeka la 2016 ndi bungwe la COSOMA loyang'anira zimenezi, ndipo ife amene tili ndi wopeka wathuwathu tikudziwa thukuta lake. Muli za aphunzitsi athu zokha, iwo atavomera pamaso pa komiti.

Ena amati zonsezi n'zochuluka kwa kwaya ya m'komboni, bwenzi titangosankha munthu mmodzi wodalirika kuti azisunga. Munthu wodalirika tinali naye, ndipo anakwera basi ya ku Joni. Ena amati n'zovuta kumva. Kwa woimba palibe chovuta, amadina batani la mawu ake n'kuyang'ana zilembo zinayi. Kwa wolemba pulogalamu, ngati amadziwa fetch, zotsalazo aziphunzira usiku umodzi, ndipo achinyamata otere mu Lilongwe muno ndi ambiri, ena anadutsa pa mHub imene Rachel Sibande anayambitsa, ena anadziphunzitsa okha pa foni. Chovuta chenicheni ndi kupeza anthu atatu kapena anayi olola kusiya kompyuta yoyaka chifukwa cha anzawo.

Ku Kawale tinabwererako chaka chotsatira. Chikho sitinatenge, tinakhala achitatu, koma tonse tinaimba nyimbo imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo amayi a alto anatsika pa guwa akuvina. Aphunzitsi anagulira mnyamata wathu Fanta ndi mandasi, n'kumuuza kuti akamaliza sukulu asapite ku Joni.

Ndiye inu a makwaya a ku Chinsapo, ku Mgona, ku Area 23 ndi ku Area 25, ngati mu gulu lanu muli fayilo yotchedwa "yeniyeni 2", fufuzani mwana wodziwa JavaScript mu mpingo mwanu, ndipo mupeze laputopu yakale ngakhale ya batire yakufa. Kabati yanga ikadali ndi malo. Mutisungire nyimbo zathu, ife tikusungirani zanu.